Njira Yosapakidwa Kobula

Ine si munthu wa nkhani za mizimu. Ndine mmisiri wa matailosi, dzina langa Wilbroad, ndimakhala ku Kaunda Square, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pansi pakang'aluka, ine ndimafuna chifukwa chake: simenti yochepa, madzi, mizu ya mtengo, kapena mmisiri waulesi. Chifukwacho nthawi zonse chimapezeka. Kamodzi kokha ndi pamene sindinachipeze, ku Chelstone, m'nyumba ya a Gilson Daka. Sindinali ndekha pamene zinachitika. Chantelle, mpongozi wa a Daka, analipo, ndipo amagwira ntchito pa famase ina yogulitsa mankhwala m'tauni, mukhoza kukamufunsa. Mwamuna wake Spencer anagwirapo ndi dzanja lake. Onse awiri ndi amoyo, ndiponso samwa mowa.

Nyumbayo ndi ya zakale zija za khonsolo, zipinda zitatu, pansi pake simenti yofiira. Amai Regina, akazi a a Daka, anaipaka kobula zaka makumi anayi, m'mawa uliwonse cha m'ma faifi, atagwada, mpaka pansi pankawala moti ukanatha kupesa tsitsi ukuyang'anapo. Atamwalira, Spencer ndi mkazi wake anasiya fulati yawo ku Woodlands n'kubwera kudzasamala bambo, popeza a Daka anachita khungu ndi matenda a shuga zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Maliro atatha, mwana wawo wamkazi anawatenga kuti akapume ku Kabwe milungu iwiri. Ndi m'milungu imeneyo mmene Chantelle anandiitana.

“Ba Wilbroad, nifuna adadi bakabwela bapeze nyumba yasintha. Matailosi oyela, yaja ya ku Kamwala.”

Musamuone ngati mkazi woipa. Mtsikana uja amawakonda apongozi ake, ndipo ndalama za matailosi zinachokera m'thumba mwake. Anasamutsanso bedi la a Daka kuchoka m'chipinda chachikulu kupita m'kachipinda ka kumapeto, poganiza kuti kumeneko n'kofunda komanso kulibe phokoso la mumsewu.

Tsiku loyeza ndinaona chinthu chimodzi chachilendo. Pansi powala paja panali mzere wosawala, waukulu ngati zikhato ziwiri, wokhakhala ngati lilime la mphaka. Unayambira pachitseko cha chipinda chachikulu, n'kutsata kakhonde ka mkati, n'kukhudza pakhomo la chimbudzi, kenako n'kudutsa pabalaza mpaka pakhonde lapanja pomwe panali mpando wa a Daka.

Ndinafunsa kuti, “Ichi n'chiyani?”

Chantelle anapukusa mutu. “Amami benze bakalamba. Maso yenze siyaona bwino, benze kusiya malo.”

Ndinavomera. Ndinajambula pansi ponse pa foni, monga ndimachitira pa ntchito iliyonse kuti ndizionetsa makasitomala mmene panalili ndisanagwirepo, ndipo ndinayamba ntchito. Apa ndiulule tchimo langa. Mmisiri weniweni amasema pansi pa kobula ndi tchizulo asanaike tailosi, chifukwa simenti ya matailosi sigwira bwino pa polishi. Ine sindinaseme. Masiku anali ochepa, msana unkandiwawa, ndiye ndinangotsuka ndi sopo waufa, n'kupaka mankhwala ogwiritsa simenti, n'kuyala matailosi pamwamba. Pansi pofiira paja panatsala momwemo, pobisika.

Patapita miyezi inayi foni inalira, ndipo nditamva kuti matailosi ang'aluka ndinadziwa kuti ulesi wanga wandipeza.

Koma nditafika ndinaima kukamwa yasaa. Tailosi yosagwira imasweka mwachisawawa, apa ndi apo, makamaka pomwe pali firiji kapena kabati yolemera. Izi sizinali choncho. Mng'alu unali umodzi, wodutsa pakati pa tailosi iliyonse, n'kulowa m'inzake, n'kulowanso m'inzake, matailosi makumi awiri ndi anayi. Milomo ya mng'aluwo inatukuka pang'ono, mongokwanira kuti phazi liumve.

Ndinatulutsa ndalama yachitsulo n'kuyamba kugogoda. Tailosi yogwira bwino imalira kuti ti-ti. Ya mphako pansi imati pho-pho. Ndinayamba ndi zosang'aluka za m'mbali: pho-pho, pho-pho, zina mwa izo, monga ndinkaopera. Ndinabwera pa zong'aluka: ti-ti. Zonse makumi awiri ndi zinayi, ti-ti. Ha! Zogwira bwino ndi zimene zinasweka, zosagwira zili bwinobwino. Zaka zonsezi sindinaonepo zoterozo.

Nditagumula yoyamba, ndi thukuta lenileni chifukwa inagwira ngati nkhupakupa, ndinapeza pansi pake mzere wokhakhala uja. Yachiwiri, chimodzimodzi. Mng'alu unatsata mzerewo osaphonya ngakhale pokhota.

A Daka anali pakhonde nthawi yonseyo, atavala jekete ndi tayi ngati akupita ku ofesi, pachipumi pali pulasitala. Spencer ndi amene anandikokera kumbuyo kwa galimoto.

“Ba Wilbroad, konzani bwino. Adadi bagwa kawili mu mwezi umozi. Basoba mu nyumba yao yomwe, tibapeza baimilila mu kona, sibaziba kwamene bali. Ise tonse tili ku nchito, na wanchito anathawa chifukwa cha phokoso la matailosi. Vikapitiliza, nizabapeleka ku Katete. Kuja kuli banthu zuba lonse.”

Ku Katete! Munthu anachokako mu 1974, abale amene ankawadziwa onse anagona, manda a mkazi wake ali kuno ku Lusaka. Koma ndi nkhani ya banja la eni, ine ndinangosintha matailosi, n'kupita.

Milungu iwiri isanathe, anang'alukanso. Omwewo, njira yomweyo.

Ulendo uno Chantelle ankalankhula motsitsa mawu. Anati zimachitika m'mawa cha m'ma faifi, kusanayere bwino. Choyamba ndi fungo la kobula, m'nyumba momwe chitini cha kobula anachitaya kalekale. Kenako phokoso la burashi, kwe-kwe, kwe-kwe, ngati likuchokera pansi pa bedi. Kenako matailosi, imodzi imodzi, thwa, thwa, thwa, kuyambira pachitseko cha chipinda chachikulu, momwe iye ndi Spencer ankagona tsopano, mpaka pakhonde. Anaitana abusa a ku tchalitchi kwao, anapemphera mpaka mawu kusasa, n'kuthira mafuta odzozera m'ming'alu monse. Chimene chinasintha n'chakuti pansi panayamba kuterera kwambiri, ndipo a Daka anagwa kachitatu, pakhomo penipeni pa kachipinda kao.

Spencer anati basi. Loweruka m'mawa akupita nawo ku Katete.

Ine mantha ndinalibe kwenikweni, koma chidwi chinkandidya. Ndinapita kwa Kapembwa, amene anandigulitsa matailosiwo ku Kamwala, iye anati mwina ndi bokosi loipa. Koma matailosi a mulu womwewo ndinawaika m'nyumba ina ku Kabulonga, ndipo mpaka lero ana amathamangapo ndi njinga. Ndinafufuza mizu ya mango, ndinayang'ana mapaipi, ndinaika levulo yoyezera kupendekeka paliponse. Palibe. Tsono Lachinayi masana ndinabwerera ku Chelstone ndi matailosi atsopano, ndipo ndinapeza a Daka ali okha, sutikesi yao itaimikidwa kale pabalaza pafupi ndi chitseko.

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Mukudziwa mmene nyumba imakhalira firiji ikasiya kulira. Umamva ngakhale ntchentche ikutera pazenera.

Nditangoika tchizulo pa tailosi yoyamba, mawu anachokera pakhonde.

“Amisiri, tabwerani kuno.”

Ndinapita n'kunjuta pambali pa mpando wao.

“Mwabweranso kudzanditsekera njira?”

“Njira iti, atate?”

Anaseka pang'ono, mopanda chimwemwe. “Inu mumayesa mkazi wanga ankasiya malo chifukwa cha ukalamba? Regina ameneyo? Munthu woona kadontho ka tiyi pansi pa tebulo ali kukhitchini? Maso anga atafa, ndinkadzigunda m'makoma ngati nkhuku yodulidwa mutu. Ndodo m'nyumba ndinaikana, ndinati sindine mlendo muno. Ndiye iye anatenga mwala wotsukira kumapazi, anagwada, n'kupala kobula yense kuyambira pachitseko chathu mpaka pampando uno. Anati, Gilson, vulani nsapato, pokhakhala ndi panu, posalala ndi panga. M'mawa uliwonse akamapaka kobula, ankalambalala njira yanga, n'kuipalanso ndi mwala kuti isasalale. Zaka zisanu ndi zinayi sindinagwepo. Ine ndimaona ndi mapazi, amisiri.”

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Safunsa anadya phula. Tinafunsana tokhatokha, ine ndi Chantelle, mwini njira ali ku Kabwe.

“Nanga bwanji osawauza anawa?”

“Ndiwauze chiyani? Ndinafika kuchokera ku Kabwe, apongozi anga anagwada pakhomo apo, mawu ali mwee ndi chimwemwe, ati adadi pondani mumve mmene pasalalira. Ndalama zao, thukuta lao. Munthu wamkulu ungatsegule pakamwa n'kuuza mpongozi wako kuti waononga? Kwathu mpongozi sitimuyang'ana n'kumaso komwe. Ndinati zikomo.”

“Spencer bwanji? Ameneyo ndi mwana wanu.”

“Ndikauza Spencer, akakalipira mkazi wake. Ndiphwanye banja chifukwa cha pansi?”

Anatsitsa mawu.

“Mng'alu uwu ndimautsata. Phazi likangoupeza, ndafika. Vuto ndi limodzi: iye amayambira pachipinda chathu chakale. Kuchokera pa kachipinda kanga kukafika panjirapo pali matailosi asanu ndi imodzi osalala, ndipo ndi pamene ndimagwera. Sakudziwa kuti anandisamutsa.”

Anatchula zimenezi ngati akunena za munthu amene wangopita kumsika.

“Atate, mukuti ndi amai?”

“Ine sindinatchule dzina. Ndangoti musatseke.”

Ndinakhala pansi pakhondepo, tchizulo m'manja, osadziwa chochita. Ndikakonza, ndamutsekera nkhalamba njira. Ndikapanda kukonza, Spencer sandimva, ndipo Loweruka ndi mkuja. Ndikanena za mwala wa amai Regina, ndaika Chantelle pamoto, chinthu chimene mwini wake anachipewa miyezi isanu. Ndinakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka.

Cha m'ma faifi madzulo geti linalira. Anali Chantelle, wavala yunifolomu yake yoyera, m'manja muli pepala la mabanzi a paulendo. Anagwada patali n'kupereka moni kwa apongozi ake, n'kutembenukira kwa ine.

“Ba Wilbroad, simunayambe?”

Ndisanayankhe, anakweza mphuno.

Inenso ndinalimva. Kobula. Osati fungo lakale la m'makoma ayi, koma la chitini chongotsegulidwa kumene, lija lokhala ngati parafini wosakaniza ndi kandulo. Linkachokera m'kakhonde ka mkati.

Mphepo kunalibe. Agalu a kwa aneba, amene anauwa tsiku lonse, anali zii.

Kwe-kwe.

Chantelle anandigwira mkono. Zala zake zinali zozizira.

“Mwamvela?”

“Ndamva.”

Kwe-kwe. Kwe-kwe. Koma ine ndine mmisiri, makutu anga amasiyanitsa. Burashi imalira mofewa. Ili linali phokoso louma, la chinthu cholimba chikukhula pa simenti.

“Si burashi iyo,” ndinanong'ona. “Ndi mwala.”

Tinalowa pabalaza, pang'onopang'ono. Kuchokera pamenepo kakhonde konse kankaoneka, dzuwa lamadzulo likulowa pazenera la chimbudzi. Munalibe munthu. Matailosi oyera, chitseko cha kachipinda chili chotseguka, patapata za a Daka zili pakhomo.

Phokoso linasiya.

Thwa!

Tailosi ya pakhomo pa kachipinda. Ndinaiona ndi maso angawa, mng'alu ukuyenda pakati pake ngati munthu akulemba mzere ndi pensulo.

Chantelle anaponya mabanzi pansi. Anafuna kuthamangira kumeneko, kaya kukatani, koma mawu a a Daka anachokera kumbuyo kwathu. Anali ataimirira pachitseko cha pabalaza.

“Apongozi, musapondepo. Sanamalize.”

Thwa!

Yachiwiri.

Pakati pa iliyonse pankapita kanthawi, kofanana ndi kamene munthu wogwada amatenga kuti asunthe maondo. Ndinawerenga. Yachitatu. Yachinayi. Chantelle ankapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Yachisanu.

Thwa!

Yachisanu ndi chimodzi inakalumikiza pa mng'alu wakale uja.

Kenako kanthu kakang'ono, ngati munthu akuusa moyo podzuka. Fungo linayamba kuchepa. Galu wa kwa aneba anauwa kamodzi.

Mantha ndinali nawo, sindikana. Koma ndikanapita kunyumba osayang'ana pansi pa matailosi amenewo, sindikanagonanso tulo moyo wanga wonse. Ndinagwada pakhomo pa kachipinda, ndinalowetsa tchizulo m'mphepete mwa tailosi yoyamba. Sindinamenye n'komwe. Inatukuka yokha, mbali ziwiri, simenti yonse itamamatira kumsana kwake. Pansi pofiira panaonekera, poyera ngati sindinaikepo kanthu.

Pakati pake panali mzere. Zikhato ziwiri. Wokhakhala. M'mbali mwake munali fumbi lofiira, losalala, longopalidwa kumene. Ndinalikhudza, linandimata kuchala.

Ndinatulutsa foni n'kufufuza zithunzi za tsiku loyeza lija. Ndinachipeza cha pakhomo pa kachipinda. Pansi pali ngwee, kuwala kuchokera kukhoma mpaka kukhoma. Mzere palibe. Panthawiyo m'kachipindamo munkangosungidwa makatoni, ndipo amai Regina analibe chifukwa chopalira njira yopita kumeneko.

Spencer anatipeza tili chomwecho, ine chogwada, mkazi wake atakhala pansi akulira. Ndinamupatsa foni. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana pansi, anayang'ananso chithunzi. Anagwada ndi buluku lake la ku ofesi n'kusisita mzerewo ndi chikhato. Pamenepo ndinamuuza zonse za mwala ndi njira, chifukwa zobisa zinali zitatha, ndipo tchimo la kusasema nalonso ndinaliulula.

“Adadi,” anatero Spencer, “bwanji simunakambe?”

A Daka anapempha kuti ndibwezeretse tailosi ija pamalo pake, yong'aluka yomweyo, ndipo ndinatero. Anati tiwaperekeze mpaka pabedi lao. Atakhala pabedipo anavula nsapato ndi masokosi, anaimirira, n'kutiuza kuti tichoke panjira.

Phazi lamanja linafufuza pakhomo. Linaupeza mng'alu. Anayenda, manja ali m'matumba a jekete, osakhudza khoma. Anadutsa pakhomo la chimbudzi, anakhota pomwe mng'alu umakhota, anadutsa pabalaza, mwendo wa buluku lao unakhudza sutikesi ija koma sanaime. Anatuluka pakhonde, anatembenuka, n'kukhala pampando wao ngati munthu wopenya.

Spencer anaima nthawi yaitali akuyang'ana sutikesi. Kenako anainyamula n'kukaibwezera m'kachipinda, ndipo tinamva akutsegula zipi ndi kupachika malaya m'kabati.

Chantelle anapukuta misozi, anapita pakhonde, n'kugwada, ulendo uno pafupi kuposa masiku onse.

“Adadi, nikhululukileni. Sinenze kuziba. Mailo tizachosa vinthu vathu, mubwelele ku chipinda chanu chikulu.”

A Daka anatambasula dzanja, analipeza phewa la mpongozi wao, chinthu chimene Spencer akuti sanachionepo chiyambire.

“Ayi, apongozi. Ndikhala momwemo. Mwamumva nokha mmene amachedwera kusuntha, maondo aja ankamuvuta kale asanapite. Wagwira ntchito yaikulu lero. Tisamugwaditsenso.”

Tsiku lotsatira ndinabwera ndi sandipepa, ndinakhula milomo ya ming'alu yonse kuti isacheke phazi, koma sindinatseke ngakhale umodzi. Matailosi atsopano aja ndinabwerera nawo ku Kaunda Square, akadali kuseri kwa nyumba yanga. A Daka ali ku Chelstone mpaka lero, ndipo sanagwenso. Chantelle akuti fungo la kobula silinamvekenso chichokere tsiku lija.

Amisiri anzanga ndikawafotokozera amati ndi kutentha ndi kuzizira, simenti imafufuma. Ndimawavomera, chifukwa nanenso ndimakonda zifukwa. Kenako ndimawaonetsa chithunzi chija, n'kuwafunsa kuti munthu angapale bwanji pansi ndi mwala, pamwamba pali tailosi yomata.